Kuchoka pa Sub A kufika pa Fomu 1 yatsopano: sukulu zathu zadutsa muti?

Amake Tadala (Chawama): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu odziwa za sukulu. Mwana wa achemwali anga analemba mayeso a Giredi 7, ife tikudikira kuti alowa Giredi 8, koma akuti ali Fomu 1. Wanga wamng'ono wayamba Giredi 1 ndipo akuti aziphunzira m'Chingerezi, pomwe mkulu wake pa giredi yomweyo ankaphunzira m'Chinyanja. Zinthuzi zimasinthidwiranji? Homuweki ndimawathandiza ndine, n'chifukwa chake ndikufuna kumvetsa.

aTembo (Matero): Fomu 1 si yachilendo mayi. Ife tinalowa sekondale pa Fomu 1 n'kutulukira pa Fomu 5. Za Giredi 8 mpaka 12 zinabwera m'ma 1980. Ndondomeko yatsopanoyi inalembedwa mu 2023 ndipo yayamba kugwira ntchito mu 2025. Pulayimale ikhala zaka 6, sekondale zaka 4, kenako zaka 2 za A Level. Koma wotiyalira bwino nkhaniyi ndi aphunzitsi aBanda, amene agwira choko m'nthawi ya maboma angapo.

Aphunzitsi aBanda (Chelstone): Zikomo aTembo. Amake Tadala mwafunsa bwino, koma mundilole ndiyambire kutali, chifukwa zomwe mukuonazi zili ndi mizu.

Sukulu m'Zambia muno sanayambitse ndi boma. Anayambitsa ndi amishoni. Frederick Arnot anatsegula kasukulu pakati pa Alozi mu 1883, kenako François Coillard ndi anzake anamanga ku Sefula. Kwathu kum'mawa a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, n'kufalikira ku Madzimoyo, Nyanje ndi kwina. A Jesuit anakhazikika ku Chikuni mu 1905. Ku Lubwa m'dera la Chinsali kunali David Kaunda, bambo wa pulezidenti wathu woyamba, amene anachokera ku mishoni ya Livingstonia. Kampani ya azungu ya British South Africa (BSA) inalamulira dziko mpaka 1924, msonkho inkatolera, koma sukulu yokhayo imene inaikapo dzanja ndi Barotse National School ya mu 1907, ndiponso ndalama zake zinali za msonkho wa Alozi omwewo.

Amishoni ankafuna kuti munthu adziwerengere yekha Baibulo ndi katekisimu, choncho ankaphunzitsa m'chinenero cha anthu. Mfundo imeneyi muigwire, tiibwererabe.

Anambewe (Mtendere): Aphunzitsi, pa Magwero musadutse msanga. Agogo anga ankanena kuti kumeneko n'kumene ana osaona anayamba kuphunzitsidwa.

Aphunzitsi aBanda: Agogo anu ananena zoona. Mu 1905 pa Magwero anayamba kuphunzitsa osaona, ndipo kumeneku ndiko kuyamba kwa maphunziro a ana olumala m'Zambia muno. Pambuyo pake panabweranso sukulu ya osamva. Ife a kum'mawa tiyenera kuzidziwa zimenezi.

Boma la Britain litatenga dziko mu 1924, kunabwera gulu la ku America la Phelps-Stokes kudzaona sukulu za anthu akuda. Chaka chotsatira panakhazikitsidwa nthambi yoyang'anira maphunziro a anthu akuda, mkulu wake Geoffrey Latham, ndipo amishoni anayamba kulandira kathandizo. Maganizo a nthawiyo anali akuti mwana wa munthu wakuda aphunzire zomuthandiza kumudzi: ulimi, ukalipentala, ukhondo. Pakamwa zimamveka bwino, koma kumbuyo kwake kunali kusafuna kuti tikwere. Taonani, sekondale yoyamba ya boma ya anthu akuda, Munali, inatsegulidwa mu 1939, patapita zaka zoposa 50 chiyambire sukulu ya Arnot. Migodi ya kopa inali itayamba kale kulemeretsa eni ake.

aZulu (Kabwata): Ndipo kuno ku Lusaka tsankho linali poyera. Kabulonga Boys inkatchedwa Gilbert Rennie, Kabulonga Girls inali Jean Rennie, zonse za ana a azungu. M'nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963, sukulu za azungu zinkayendetsedwa kuchokera ku Salisbury (Harare ya lero) ndi thumba lake, zathu zinali pansi pa boma la kuno ndi kathumba kochepa. Bambo anga ankadutsa pa mpanda wa sukulu zimenezo popita kuntchito, osalota kuti mdzukulu wawo adzalowamo.

Aphunzitsi aBanda: N'chifukwa chake pa 24 Okutobala 1964 dziko lonse linali ndi anthu akuda a digiri pafupifupi 100 okha, ndipo otsiriza sekondale anali cha m'ma 1,000. Dziko lonse! Maofesi, zipatala, migodi, njanji, zonse zikudikira anthu ophunzira. Mukamva achikulire akutamanda zaka zoyamba za a Kaunda, n'chifukwa cha zimene zinachitika pamenepa. Nduna yoyamba ya zamaphunziro anali a John Mwanakatwe. Sukulu za tsankho zinatsegulidwa kwa onse, masekondale anamangidwa pafupifupi distirikiti iliyonse, aphunzitsi anabwera kuchokera ku India, Britain, Ghana ndi kwina. Sub A, Sub B ndi ma Standard zinatha, m'malo mwake Giredi 1 mpaka 7. Yunivesite ya Zambia (UNZA) inatsegulidwa mu 1966 pa Ridgeway ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba anasonkha nawo, ena mbuzi, ena nkhuku. Mabuku, makope ndi chakudya cha kuboding'i zinali zaulere.

Limbani: Ambuya aBanda, apa ndipo ndimadabwa. Ngati zinayamba bwino chonchi, zinasokonekera pati?

Aphunzitsi aBanda: Malo awiri, mdzukulu wanga. Amodzi ndi ndalama, ndifikapo. Ena ndi amene afunsa amake Tadala. Mu 1963 akatswiri a UNESCO analangiza kuti Chingerezi chiyambe msanga, ndipo pofika 1966 boma linakhazikitsa kuti mwana aziphunzira chilichonse m'Chingerezi kuyambira tsiku loyamba la Giredi 1. Atsamunda enieniwo sanachite zimenezo. Iwo chakumapeto kwa m'ma 1920 anasankha Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi kuti zizigwiritsidwa ntchito m'makalasi oyamba. Amene tinachotsa zinenero zathu m'kalasi ndife, titalandira ufulu.

aZulu: Apa aphunzitsi mundikhululukire, sindikuvomereza momwe mwaikira. Atsogoleri aja sanali opusa. Dziko lili ndi mitundu yoposa 70, ufulu wangobwera, anthu akuyang'anana ndi diso la mtundu. Mukanasankha chinenero chiti osayambitsa mkangano? Mphunzitsi wa ku Katete ankatumizidwa ku Mwinilunga, wa ku Mongu ku Isoka, ndipo zinkatheka chifukwa cha Chingerezi. One Zambia One Nation inamangidwira m'kalasi. Ine ndinaphunzira ndi mabuku a Mulenga ndi Jelita, ndipo ndagwira ntchito moyo wanga wonse ndi Chingerezi chomwecho.

Aphunzitsi aBanda: Zifukwa mwatchulazo n'zoona aZulu, ndipo za umodzi wa dziko sindingazipeputse. Koma inu munali mmodzi mwa amene anadutsa. Ine ndinkaima kutsogolo, ndinkaona onse. Mwana ankaloweza tsamba lonse n'kumaliimba mokweza, koma ukamulozera liwu limodzi pakati, zii. Ankafika Giredi 5 asakudziwa kuwerenga m'Chingerezi ngakhale m'Chinyanja. Amenewo pagulu ngati lino simuwaona, chifukwa kulemba kunawadutsa.

Boma lenilenilo linkadziwa. Chikalata cha kusintha maphunziro cha 1977 chinavomereza kuti mwana amaphunzira bwino m'chinenero cha kwawo, koma chinati n'zovuta kuchita, Chingerezi chipitirire. Kumayambiriro kwa m'ma 1990 katswiri wina, Eddie Williams, anayerekeza ana a kuno ndi a ku Malawi, kumene makalasi anayi oyamba ankaphunzira m'Chichewa. Anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi panalibe kusiyana kwenikweni, koma pa chinenero cha kwawo a ku Malawi anali patsogolo kwambiri. Ndiye kuti zaka zinayi zathu za Chingerezi chokhachokha sizinatipatse phindu lomwe tinkayembekezera, koma zinatilanda kwinaku.

Anaphiri (Kanyama): Ine ndikuphunzitsabe, ndiye ndilowererepo. Zimene akunena aBanda ndi zimene zinabala chikalata cha boma cha Educating Our Future mu 1996, chomwe chinati mwana ayambe kuwerenga m'chinenero chimene akuchidziwa. Kenako kunabwera Primary Reading Programme ndi njira yake yophunzitsira kuwerenga yotchedwa New Breakthrough to Literacy, yomwe inayesedwa koyamba ku Kasama mu 1998. Ndinaigwiritsa ntchito nditangotuluka kukoleji. Mwana ankanena chiganizo chake, n'kuchimanga ndi timakadi ta mawu, n'kuchikopera m'kope. Pofika temu yachitatu ambiri ankawerenga ndithu. Vuto linali lakuti Chinyanja chinali cha ola la kuwerenga lokha, masamu ndi zina zonse m'Chingerezi, ndipo pa Giredi 2 kuwerenga kwa Chingerezi kunkayamba mwanayo asanakhazikike. Thandizo la kunja litatha, timakadi tinang'ambika, bokosi la zipangizo silinabwerenso.

Mu 2014 ndi pamene anati Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira zonse m'chinenero cha m'dera, Chingerezi chikhale phunziro, kenako chitenge malo pa Giredi 5. Zinenero zake ndi zisanu ndi ziwiri zija: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Mwana wanu wamkulu, amake Tadala, anadutsa m'menemo. Wamng'onoyo wagwera mu ya 2023.

aZulu: Nanga bwanji ya 2014 sinakhalitse ngati inali yabwino? Makolo ambiri kuno anaikana. Amene anali ndi kangachepe anathamangitsira ana ku sukulu za pulayiveti za m'komboni, chifukwa kumeneko mwana wa nazale amabwera kunyumba akulankhula Chingerezi.

Anaphiri: Chifukwa Lusaka ndi yovuta, bambo. Chinyanja cha m'buku ndi Chichewa cha ku Katete ndi Chadiza, pomwe mwana wa ku Kanyama amalankhula cha m'tauni chosakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Ena kunyumba ndi Chitonga kapena Chisoli. Mphunzitsi nayenso mwina anakulira ku Kitwe. Ndiye bukulo limakhala lachilendo kwa onse awiri. Koma mankhwala ake anali kulemba mabuku oyandikira kalankhulidwe ka ana a kuno ndi kuphunzitsa aphunzitsi, osati kutaya mfundo yonse. Ndipo mwana kulankhula Chingerezi cha moni ndi nyimbo za kunazale sikuti akuwerenga. Ndalandirapo ambiri ochokera kumeneko, pakamwa pali bwino, ukawapatsa ndime kuti afotokoze zomwe awerenga, palibe.

aTembo: Komabe Anaphiri, mayeso a Giredi 7 ankabwera m'Chingerezi. Mwana wayamba kuchigwiritsa ntchito pa Giredi 5, zaka zitatu zokha, kenako mayeso. Makolo mantha awo anali pamenepo.

Anaphiri: Mantha amenewo ndi oona, sindikuwatsutsa. Kudumpha kwa pa Giredi 5 kunali kwakukulu ndipo sitinakonzekeretsedwe bwino. Chimene chimandipweteka n'chakuti mphunzitsi mmodzi yemweyo, ine, ndaphunzitsidwa njira zitatu zosiyana, ndipo iliyonse imafika mabuku ake asanakwane. Panopa ndikuphunzitsa m'Chingerezi monga alamulira, koma ndikaona nkhope zatayika ndimafotokoza m'Chinyanja. Aphunzitsi akhala akuchita chonchi kuyambira 1966, lamulo linene chotani.

Amake Tadala: Ndiye ine kunyumba ndichite bwanji? Ndisiye kumulankhula Chichewa kuti azolowere?

Aphunzitsi aBanda: Ayi mayi, musayerekeze. Muuzeni nthano, mufunseni mafunso, muwerengereni Baibulo kapena buku la nyimbo m'Chichewa uku mukuloza ndi chala. Chichewa chimalembedwa momwe chimamvekera, ndiye mwana amagwira msanga kuti chilembo chili ndi liwu lake. Akadziwa zimenezo, luso lomwelo amalitengera ku Chingerezi. Chingerezi asiyireni aphunzitsi, inu mupatseni chimene muli nacho chochuluka.

Limbani: Ambuya, munalonjeza za ndalama.

Aphunzitsi aBanda: Eya. Mafuta anakwera mtengo mu 1973, kopa inagwa mu 1975. Pa nthawi yomweyo boma linali ndi maloto aakulu. Chikalata cha 1976 chinkafuna kusakaniza sukulu ndi ntchito zamanja m'njira ya sosholizimu, anthu anachikana, n'kutuluka chofewerapo cha 1977 cholonjeza zaka 9 za maphunziro kwa mwana aliyense. Sukulu iliyonse inkayenera kukhala ndi munda kapena khola, tinkati production unit. Otsiriza Fomu 5 ankapita ku National Service. Koma thumba linali litabooka. Sekondale zatsopano zinasiya kumangidwa, ndipo malo a sekondale anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi olemba Giredi 7. Mwana ankakhoza ndithu, koma cut-off point n'kumusiya. Anthu ankawatcha olephera pomwe cholephera chinali malo. Ma basic school anabwera choncho: makolo kuumba njerwa, kuwonjezera makalasi awiri pa pulayimale kuti pakhale Giredi 8 ndi 9, opanda labu, nthawi zina opanda mphunzitsi wa sekondale. Chabwino cha zaka zimenezo n'chakuti bungwe loyendetsa mayeso la Examinations Council of Zambia linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1983.

Anambewe: Za m'ma 1990 ndinene ndine, chifukwa zinandikhudza. Fizi, ndalama ya PTA (komiti ya makolo ndi aphunzitsi), yunifomu, nsapato, ndipo makolo akuchotsedwa ntchito makampani akugulitsidwa. Edzi inali ikusiya ana amasiye nyumba ndi nyumba. M'makomboni ngati Mtendere, Ng'ombe ndi Misisi anthu anayamba okha sukulu za community, m'matchalitchi ndi m'nyumba zosatha, aphunzitsi odzipereka osalandira kanthu. Ine ndinaphunzitsako. Palibe nduna inakhala pansi n'kuganiza zimenezo, boma linabwera pambuyo kudzazivomereza. Mukamawerenga mbiri ya maphunziro muziikamo amayi aja ankasesa tchalitchi m'mawa kuti ana akhale pansi poyera.

Ndipo chaka chimene ine ndimachiika pamwamba pa zonse ndi 1997. Kufikira pamenepo mtsikana akatenga mimba ankachotsedwa sukulu basi, mnyamata kapena bambo wochimwitsayo n'kumapitiriza moyo wake. Mu 1997 boma linalola kuti akabereka abwerere. Mng'ono wanga anabwerera chifukwa cha lamulo limenelo, lero ndi namwino ndipo akuphunzitsa ana a abale. Mpaka pano pali sukulu zina za mishoni zimene zimati akapitirize kwina, ndipo pali makolo amene sadziwa n'komwe kuti mwayiwu ulipo.

aTembo: Ena amati lamulo limenelo limalimbikitsa chiwerewere.

Anambewe: Amene amatero sanamuonepo mtsikana wa zaka 15 atabereka mwana kumsana akugulitsa tomato pamsika wa Soweto anzake ali m'kalasi. Palibe amatenga mimba chifukwa choti adzaloledwa kubwerera. Ambiri ndi umphawi, ena ndi kugwiriridwa.

Limbani: Ine ndinayamba sukulu pulayimale ili kale yaulere. Amayi amati zinayamba mu 2002 nthawi ya a Mwanawasa, Giredi 1 mpaka 7, ndipo anati mwana asabwezedwe chifukwa cha yunifomu. Koma pa Giredi 8 fizi inkatidikira. Ndinalinso m'gulu loyamba kulemba mayeso a kompyuta pa Giredi 9 mu 2015. Makompyuta anali ochepa, magetsi akuzimazima, tinkalowa m'magulumagulu mpaka usiku, makolo akudikira pageti ndi matochi. Phunzirolo linali lofunika, koma linafika zipangizo zisanafike.

aZulu: Zimenezo zinali m'nthawi ya boma la chipani cha PF. Atangolowa mu 2011 anabwezanso dongosolo la pulayimale ndi sekondale m'malo mwa basic ndi high school. Chaka chomwecho, chisankho chisanachitike, kunali kutatuluka lamulo latsopano la maphunziro lolowa m'malo mwa la 1966. Chikwapu m'sukulu n'choletsedwa m'lamulo limenelo.

Anaphiri: Ndiyeno Januwale 2022, maphunziro aulere kuyambira nazale mpaka Giredi 12. Ndinene mosabisa: ndinasangalala ndipo ndikusangalalabe. Kunabwera ana akuluakulu amene anasiya kalekale, ena ankagulitsa mapulasitiki mumsika. Boma linalemba aphunzitsi 30,496 chaka chomwecho, ndalama ya chitukuko ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo madesiki ambiri agulidwa ndi ndalama imeneyo. Koma ku Kanyama kulibe malo omangapo, ndipo anthu akuchulukirachulukira. Kalasi yanga imapitirira ana 90. Timasinthana zipinda, ena m'mawa ena masana, ndiye maola amachepa. Silabasi yatsopano ikufuna kuti ndione luso la mwana aliyense payekha, achite ndi manja, ndimuyese pang'onopang'ono chaka chonse. Ndi mfundo yabwino kwambiri. Koma kuchonga makope 90 kokha kumandithera madzulo onse. Onjezani masabata amene tinataya ndi kolera kumayambiriro kwa 2018 ndi 2024, ndi miyezi ya korona mu 2020.

Aphunzitsi aBanda: Abale athu a ku Malawi anakumana nazo mu 1994, a Muluzi atachotsa fizi ya pulayimale: ana anakhamukira kusukulu, makalasi n'kukhala pansi pa mitengo. Ine sindinganene kuti chitseko chitsekedwe kuti otsala mkati akhale bwino. Ndinakhala zaka zambiri ndikubweza ana pageti chifukwa cha fizi, ndipo sindifuna mphunzitsi wina adzachitenso ntchito imeneyo. Chimene ndimapempha ndi chakuti asanasinthe china, afunse Anaphiri ndi anzawo, asindikize mabuku, kenako alengeze. Ndipo ndondomeko aipatse nthawi yoti ana amene anayamba nayo atsirize, tione zipatso zake.

aZulu: Pa Chingerezi sitigwirizanabe aphunzitsi, ine ndikuona kuti mdzukulu wanga chimuthandiza. Koma za mabuku ndi kuchuluka kwa ana ndili nanu. Pa msonkhano wa makolo wa temu ino ndikafunsa kuti mabuku a silabasi yatsopano afika angati pa kalasi, ndipo ndalama imene boma limatumiza kusukulu yagula chiyani. Ngakhale sitikulipira, ufulu wofunsa tili nawo.

Amake Tadala: Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Funso lina laling'ono: mwana wa alamu anga ku Chadiza wasankhidwa ku sekondale yogonera komweko. Akuti sukulu ndi yaulere koma akufuna ndalama ya boding'i, ndipo bambo ake anamwalira.

Anaphiri: Ya chakudya ndi malo ogona imalipiridwabe, koma ana amasiye ndi ovutika ali ndi bursary ya CDF. Apite kwa komiti ya chitukuko ya wadi yawo kapena kwa khansala akatenge fomu, atenge kalata yomuitana kusukulu, zotsatira za mayeso ndi chikalata cha imfa ya bambo ake kapena kalata ya amfumu. Afunsenso ahedi a sukulu imene anachokera, amadziwa nthawi imene mafomu amatsekedwa. Asachedwe nazo.